Jazi wa ku Cuba ndi Brazil, nyimbo zakale za tsiku la dzuwa: mafunso ndi mayankho

Nyimbo zina munthu amangozimva kamodzi, mwina mufilimu, mwina pa wailesi ya kunja, mwina pamalo odyera a m'mbali mwa nyanja, mutu n'kuyamba kugwedera wokha, koma dzina la chambacho osalidziwa. Malipenga akulira, ng'oma zoomba ndi manja zikuyankhana, piyano ikungobwereza kachidutswa kamodzi. Nthawi zina ndi gitala mmodzi wofatsa ndi mawu ongonong'ona. Kawirikawiri zimenezo zimakhala Latin jazz kapena abale ake akale: son, mambo, cha-cha-chá ndi bossa nova. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwera munthu akayamba kuzilondola.

Kodi Latin jazz ndi chiyani kwenikweni?

Ndi jazi woyimbidwa pa kagundidwe ka ng'oma ka ku Latin America. Jazi anabweretsa malipenga, kalukidwe ka manotsi kolemera, ndi mwambo woti woyimba aliyense apatsidwe mpata wopeka zake pomwepo nyimbo ili mkati. Latin America inabweretsa ng'oma ndi kayendedwe ka nyimbo. Nthambi zazikulu ndi ziwiri. Ya ku Cuba ndi yotentha, ya ng'oma za conga, bongó ndi timbales, komanso belu lachitsulo. Ya ku Brazil inaphuka ku samba ndipo imayenda mwaulemu, gitala ali patsogolo. Zilipo za ku Puerto Rico, Argentina ndi Colombia, koma amene akuyamba kumene agwire ziwirizi kaye.

Ndiye kuti inayambira ku Havana?

Ng'oma zake ndi za ku Havana, koma ukwati wake unamangidwira ku New York. Mario Bauzá, mnyamata wa ku Cuba, anasamukira kumeneko mu 1930 ndipo anaomba lipenga m'magulu akuluakulu a jazi a Chick Webb ndi Cab Calloway. Mlamu wake, woyimba wodziwika ndi dzina loti Machito, anayambitsa gulu la Afro-Cubans mu 1940, ndipo Bauzá anakhala mkulu woyang'anira mayimbidwe. Nyimbo yawo "Tanga" ya 1943 ndi imene ambiri amaiwerengera ngati chiyambi cha jazi wa Afro-Cuban.

Moto weniweni unabuka mu 1947. Dizzy Gillespie, katswiri wa lipenga amene anaomba limodzi ndi Bauzá m'gulu la Calloway, ankafuna woomba conga. Bauzá anamupezera Chano Pozo. Pozo sankalankhula Chingelezi, Gillespie sankalankhula Chisipanishi, koma kumapeto kwa chaka chomwecho anali atajambula "Manteca", nyimbo imene magulu a jazi akuiyimbabe mpaka lero. Pozo anaomberedwa ndi mfuti m'bala ina ku Harlem mu December 1948 ali ndi zaka 33. Ntchito yawo limodzi inangotha chaka ndi miyezi yochepa, koma kuchokera pamenepo conga inapeza mpando wake m'jazi.

Chibale chimenechi si cha 1940 ayi. Sitima za pamadzi zinkayenda pakati pa Havana ndi New Orleans kalekale, ndipo Jelly Roll Morton, mmodzi wa akuluakulu oyambirira a jazi, ankanena kuti jazi wopanda kafungo ka Chisipanishi sakoma.

Ndikumva anthu akutchula clave. Ndi chiyani chimenechi?

Ili ndilo funso lofunika kuposa onse, chifukwa mukaigwira clave nyimbo za ku Cuba zimatseguka zonse. Clave ndi timitengo tiwiri touma togundanitsa, komanso ndi dzina la kagundidwe kamene timitengoto timaomba: kugunda kasanu, katatu mbali imodzi, kawiri mbali inayo, n'kumangobwereza osasintha mpaka nyimbo itatha.

Yesani pompano. Werengani mofulumira ndi mofanana kuyambira 1 mpaka 16, ndipo ombani m'manja pa 1, 4, 7, 11 ndi 13. Mukafika 16 bwererani pa 1 osapumira. Poyamba manja amakana, makamaka pa 4 ndi pa 7, koma mukabwereza kangapo kuwerenga kumasiya kokha, kagundidweko n'kukhazikika. Imeneyo ndi son clave ya 3-2. Mukayambira pakati, kawiri kukhala koyamba, ndi 2-3.

Ntchito ya clave ili ngati ya amayi oomba m'manja pabwalo la gule: saonekera kwambiri, koma woomba ng'oma ndi wovina onse amatsamira pa iwo, ndipo akasokoneza aliyense amadziwa. Nyimbo zambiri mulibe timitengoto n'komwe, komabe besi, piyano, malipenga ngakhale mawu a woyimba zimakhala zikuilemekeza. Mverani besi. Sagunda pamene phazi lanu likugunda, amadumphira kutsogolo pang'ono. Kayendedwe kameneko amakatcha tumbao, ndipo kachidutswa kobwerezabwereza ka piyano kaja ndi montuno. Ziwirizi ndi zimene zimakukokani m'chiuno.

N'chifukwa chiyani zikumveka ngati rumba ya ku Congo?

Chifukwa ndi magazi amodzi, ndipo nkhani yake ndi ya ulendo wopita ndi wobwerera.

Wopita unali wa misozi. Anthu a mtundu wa Yoruba, a ku Kongo ndi a m'dera la Calabar anatengedwa ukapolo kupita ku Cuba, kumene ukapolo unatha mochedwa kwambiri, mu 1886. Ku Brazil unatha mu 1888, ndipo dziko limenelo ndi limene linalandira akapolo ochuluka kuposa lina lililonse. Ambiri anachokera ku Angola ndi ku Kongo, ena anakwezedwa sitima kuno kum'mawa, pa Quelimane ndi pa chilumba cha Mozambique. Anthuwa anasunga ng'oma zawo, kayimbidwe kotsogolera ndi kuyankha, ndi miyambo yawo ya chipembedzo. Chano Pozo uja anali wa gulu la Abakuá, lomwe mizu yake ili ku Calabar, ndipo nyimbo za kumeneko ankaziyimba pamaso pa anthu a ku New York.

Wobwerera unali wa pa mbale za galamafoni. Mu 1933 kampani ya HMV inayamba kutulutsa mndandanda wa mbale zotchedwa GV, zodzaza ndi nyimbo za ku Cuba, n'kumazigulitsa m'mizinda ya mu Africa. Yoyamba pa mndandandawo inali "El Manisero", nyimbo yotengedwa ku mfuu ya wogulitsa mtedza mumsewu. Ku Léopoldville, yomwe lero ndi Kinshasa, ku Brazzaville ndi ku Dakar anthu sanaimve ngati yachilendo. Anyamata anayamba kuziyimba, poyamba akungotsanzira Chisipanishi chosachimva, kenako m'Chilingala. Zimene piyano ndi malipenga zinkachita ku Havana iwo anazisamutsira pa magitala. Joseph Kabasele anayambitsa African Jazz mu 1953, OK Jazz ya Franco inabadwa mu 1956, ndipo pamene Congo inkalandira ufulu mu 1960 nyimbo imene inagwira kontinenti yonse inali cha-cha-chá, "Indépendance Cha Cha". Ku Senegal Orchestra Baobab inayamba mu 1970 ili panjira yomweyo. Mu 2021 UNESCO inaika rumba ya ku Congo pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse.

Dziwani chinthu chimodzi kuti musasochere pofufuza: ku Cuba, rumba ndi gule wa ng'oma ndi mawu okha. Zimene zinali pa mbale za GV zambiri zinali son, nyimbo zovina za ku Cuba zokhala ndi magitala, kungoti ogulitsa analembapo rumba, dzinalo n'kukakamira.

Choncho munthu amene anakulira ku Malawi kapena ku Zambia akumva Franco ndi Tabu Ley pa wailesi, khutu lake linaphunzira kale theka la sukuluyi. Sakuyamba chamba chachilendo. Akungotsatira msewu womwewo kubwerera kumene unadzera.

Nanga bossa nova ikusiyana pati?

Bossa nova ndi samba yotsitsidwa mawu. Samba ya pa chikondwerero cha Carnival imaombedwa ndi chigulu cha ng'oma. João Gilberto, wochokera ku Juazeiro m'chigawo cha Bahia, anaipanikiza yonse pa gitala mmodzi wa nsambo za nayiloni: chala chachikulu chikugunda ngati ng'oma yaikulu ya surdo, zala zinazo zikudumphadumpha ngati kang'oma kakang'ono ka tamborim. Mawu ankayimba motsitsa, kukamwa kuli pafupi ndi maikolofoni, osawanjenjemeretsa. Mu 1958 anajambula "Chega de Saudade", yopekedwa ndi Antônio Carlos Jobim ndi mlakatuli Vinicius de Moraes, ndipo achinyamata a ku Rio de Janeiro anayamba kuyimba gitala mwa mtundu wina.

Oyimba jazi a ku America anaikonda msanga, chifukwa manotsi a Jobim anali olemera ngati awo. Stan Getz wa sakisofoni ndi Charlie Byrd wa gitala anajambula chimbale cha Jazz Samba tsiku limodzi lokha mu 1962, m'holo ya tchalitchi china ku Washington. Kenako kunabwera Getz/Gilberto, chojambulidwa mu 1963 n'kutuluka mu 1964, mmene muli "The Girl from Ipanema" yoyimbidwa ndi Astrud Gilberto, amene anali asanajambulepo chimbale. Mu 1965 chinapata mphoto ya Grammy ya chimbale chopambana pa chaka.

Mukafuna kumva kusiyanako ndi manja, bwererani ku kuwerenga kuja koma kugunda komaliza kusunthe kuchoka pa 13 kupita pa 14. Kasinthidwe kakang'ono kameneko kamachotsa ukali, nyimbo n'kumayandama.

Mambo, cha-cha-chá ndi salsa ndi chinthu chimodzi?

Ndi pachibale koma si amodzi. Mambo ndi wothamanga, wa malipenga ambiri. Pérez Prado anautchukitsa ali ku Mexico cha mu 1949, ndipo ku New York holo ya Palladium inkadzaza pamene Machito, Tito Puente ndi Tito Rodríguez ankapikisana. Cha-cha-chá ndi yodekha, yosavuta kuvina. Enrique Jorrín wa vayolini anaibweretsa ndi "La Engañadora" mu 1953. Salsa ndi dzina limene linafala m'zaka za m'ma 1970 ku New York, makamaka kudzera ku kampani ya Fania, pofotokoza nyimbo zovina zomangidwa pa son. Latin jazz imasiyana nazo chifukwa mpata waukulu imapereka kwa oyimba zida kuti apeke, ndipo nthawi zambiri simukhala mawu.

Ndiyambire pati?

Musayambe ndi mndandanda wa nyimbo mazanamazana wokonzedwa ndi makina. Tengani zimbale zochepa n'kuzimva kuyambira koyamba mpaka kumapeto.

M'mawa, dzuwa lisanakwiye, ikani Chega de Saudade cha João Gilberto cha 1959, kapena Wave cha Jobim cha 1967, chomwe pafupifupi chonse ndi zida zokha. Masana dzuwa likuswa mtengo, Soul Sauce cha Cal Tjader chimathandiza, chifukwa vibraphone yake, chida chachitsulo chonga mangolongondo, imamveka yozizira ngakhale ng'oma zili pamoto. Onjezani "Watermelon Man" mmene anaiyimbira Mongo Santamaría mu 1963, ndi "Song for My Father" ya Horace Silver, amene bambo ake anali ochokera ku Cape Verde. Dzuwa likapendeka ndipo anthu ayamba kusuntha mipando, ndi nthawi ya Dance Mania cha Tito Puente cha 1958 ndi Kenya cha Machito.

Ine chimene ndimachiika patsogolo pa zonsezi ndi Cuban Jam Sessions in Miniature cha Cachao, katswiri wa besi, chojambulidwa ku Havana mu 1957. Tinyimbo take ndi tatifupi, oyimba ndi ochepa, ndipo chida chilichonse chimamveka poyera. Palibe mphunzitsi wa tumbao woposa ameneyu.

Bwanji anthu amati ndi nyimbo za dzuwa? Si zongoika kumbuyo pocheza?

Zinabadwira m'madera otentha, m'mizinda ya m'mbali mwa nyanja, ndipo liwiro la zambiri mwa izo ndi la munthu woyenda osapupuluma. Zimakhala bwino m'khonde, pochapa Loweruka, paulendo wa ku Salima kapena ku Mangochi mawindo ali otsegula. Zimenezo sindikutsutsa.

Chimene chimandipweteka ndi kuziona ngati zokongoletsera m'mahotela basi. Bossa nova makamaka inavutika ndi zimenezi, moti ambiri amaidziwa kudzera m'makope ozizira oyimbidwa ndi makina. Koma nyimbo zake zambiri ndi za kusowa munthu, za chikondi chotha, za kulakalaka kwanu. Kuwala kuli m'kagundidwe, chisoni chili m'manotsi, ndipo kukoma kwake ndi kuti ziwirizi zimayendera limodzi. Za ku Cuba nazo zasenza mbiri ya anthu amene analandidwa zonse n'kutsala ndi ng'oma. Chezani nazo, vinani nazo, koma tsiku lina zimitsani zina zonse muzimve zokha.

Sindimva Chisipanishi kapena Chipwitikizi. Sindikutaya zambiri?

Anthu athu akhala akuvina Chilingala kwa zaka zambiri osafunsa tanthauzo. Ndiponso gawo lalikulu la Latin jazz ndi zida zokha. Nyimbo ikakugwirani mtima, matanthauzo a zotchuka zonse ali pa intaneti. Achewa a ku Tete ndi ku Angónia amene anaphunzira Chipwitikizi ali ndi mwayi, mawu a bossa nova amawamva mwachindunji.

Kodi Buena Vista Social Club ndi Latin jazz?

Kwenikweni ayi. Ndi son, bolero ndi danzón, nyimbo zakale za ku Cuba, makolo a Latin jazz. Koma ndi khomo labwino kwambiri. Chimbalecho chinajambulidwa ku Havana mu 1996 n'kutuluka mu 1997, ndipo chinabwezera pa siteji nkhalamba zimene dziko linali litaziiwala, monga Ibrahim Ferrer ndi Rubén González wa piyano, pamodzi ndi Compay Segundo ndi Omara Portuondo. Cholinga choyamba chinali choti oyimba a ku Mali akajambule ndi a ku Cuba, koma a ku Mali analephera kufika chifukwa cha mapepala a ulendo. Lingalirolo linadzatheka mu 2010 pa chimbale cha AfroCubism, mmene muli Eliades Ochoa, Toumani Diabaté ndi Bassekou Kouyaté.

Mayina ambiriwa ndi a abambo. Amayi analibe gawo?

Analipo, ndipo aakulu. Graciela, mlongo wake wa Machito, anayimba patsogolo pa Afro-Cubans kwa zaka zambiri. Celia Cruz anatchuka ndi Sonora Matancera ku Cuba asanakhale mfumukazi ya salsa. Ku Brazil, Elis Regina anajambula ndi Jobim chimbale cha Elis & Tom mu 1974, ndipo ndi chimodzi mwa zimbale zimene munthu satopa nazo. Fufuzaninso Nara Leão, Flora Purim, ndi Eliane Elias wa piyano.

Ndingazipeze kuti, poti bandulo ndi yodula?

Pafupifupi zonse zatchulidwazi zili pa YouTube ndi Spotify. Nyimbo yopanda kanema imadya bandulo pang'ono, ndiye sankhani mawu okha, kapena tsitsani kanemayo pa mlingo wotsikitsitsa. Mukapeza Wi-Fi, sungani chimbale chonse m'foni ngati pulogalamu yanu imalola. Mukamva nyimbo pamalo ena ndipo simukuidziwa, Shazam imakuuzani dzina. Radiooooo imakulolani kusankha dziko ndi zaka, mwachitsanzo Cuba m'ma 1950, n'kumangokuseweretsani.

Njira imene imapindulitsa koposa ndi kulondola mayina a oyimba zida. Pa Discogs mumapeza amene anaomba chida chilichonse pa chimbale. Mukakonda conga pa nyimbo ya Cal Tjader, onani kuti ankaomba ndani. Mupeza kuti Mongo Santamaría ndi Willie Bobo anayimbapo naye, ndiponso kuti awiriwa asanapite kwa Tjader anali kwa Tito Puente. Dzina limodzi limakupatsani zimbale zina khumi.

Bwanji pa foni yanga zikumveka zopanda mphamvu?

Kasipika ka foni sikatulutsa besi, ndipo m'nyimbo izi besi ndi conga ndizo nsanamira. Gwiritsani mahedifoni kapena sipika ya Bluetooth yokulirapo. Musakweze besi mpaka mapeto ngati mmene timachitira ndi amapiano, chifukwa besi wa nthawi imeneyo ndi wamatabwa, akachuluka amangolira ngati bingu. Kaphokoso ka m'mbale zakale musadandaule nako, khutu limakazolowera nyimbo isanafike pakati.

Ndapeza mbale zakale za agogo. Ndizisamale bwanji?

Choyamba, nyimbozi zimakonda dzuwa koma mbale zake zimadana nalo. Mbale ya vinyl ikasiyidwa pawindo kapena m'galimoto masana a October imapindika, ndipo kuiwongola n'kovuta. Isungeni pamthunzi, choimirira, osati mosanjikiza. Igwireni m'mphepete, osaika zala pa mizere. Fumbi lichotseni ndi kansalu kofewa motsatira mizereyo.

Kenako onani mtundu wake. Zazikulu za 33 ndi zazing'ono za 45, zimene zinayamba mu 1948 ndi 1949, ndi za vinyl. Zolemera, zolimba, za 78 ndi za shellac: zikagwa zimasweka, zimafuna singano yakeyake, ndipo musazipukute ndi spiriti chifukwa imazisungunula. Mukaona zilembo za GV ndi nambala pakati pa mbale yotero, mwagwira chidutswa cha ulendo wobwerera uja. Afunseni akuluakulu a pakhomo kuti inabwera ndi ndani. Mwina inabwera m'masutikesi a anthu ochokera ku ntchito kunja.

Ndingagawane bwanji ndi anzanga osawatopetsa?

Nyimbo imodzi yokhala ndi mawu awiri ofotokoza imamvedwa, mndandanda wa maola asanu umangolandira chala cham'mwamba pa WhatsApp. Tumizani imodzi, munene choti amvere: "tamvani mmene besi akulowera", kapena "dikirani lipenga la pakati". Yambirani pamene mnzanuyo ali kale. Wokonda rumba mupatseni Orchestra Baobab, kenako son ya ku Cuba, kenako Machito. Wokonda magitala a rock mumvetseni "Oye Como Va" ya Santana ya 1970, ndiyeno mumuuze kuti mwini wake ndi Tito Puente, amene anaijambula mu 1962. Kwa malume kapena agogo amene anavinako cha-cha pa unyamata wawo musafotokoze chilichonse, ingoyatsani, nkhani adzakambe ndi iwowo.

Pa macheza a masana, sanjani nyimbo mokwera pang'onopang'ono: bossa nova anthu akufika, vibraphone ndi piyano pa nthawi ya chakudya, mambo mbale zodyera zikachotsedwa. Tumizani maulalo m'malo mwa mafayilo, kuti eni nyimbo kapena mabanja awo apezepo kangachepe. Ngati mukuziseweretsa pamalo a bizinesi ku Malawi, monga bala kapena malo odyera, nkhani ya chilolezo imadzera ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo.

Alipo amene akuyimbabe chamba chimenechi masiku ano?

Ambiri. Chucho Valdés, amene anayambitsa gulu la Irakere ku Havana mu 1973, ndiye mutu wa oyimba piyano a ku Cuba, ndipo m'gulu lakelo munatuluka Paquito D'Rivera ndi Arturo Sandoval. Pambuyo pake pali Gonzalo Rubalcaba ndi Roberto Fonseca, amene anayimbapo limodzi ndi Fatoumata Diawara wa ku Mali. Ku New York, Arturo O'Farrill amatsogolera Afro Latin Jazz Orchestra, ndipo ku California Poncho Sanchez, amene anakulira m'gulu la Cal Tjader, akadali pa conga. Chaka chilichonse pa 30 April kumakhala tsiku la jazi pa dziko lonse. Mu 2017 mwambo wake waukulu unachitikira ku Havana, ndipo makanema ake mungawapeze pa YouTube.